Ndinaseka Chichewa cha Aïssa Maïga, koma mayi anga sanaseke

Mu Malichi 2019, ndili chaka choyamba ku koleji, pa gulu lathu la WhatsApp panagwa kavidiyo ka masekondi ochepa. Kanali kachidutswa ka filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene inali itangotuluka kumene pa Netflix. Ambiri a inu mukukumbukira mmene zinalili sabata imeneyo. Mawu anali athu ndithu, a Chichewa, koma katchulidwe kake kanali kachilendo: pofunika kukweza mawu ankatsitsa, pofunika kutsitsa ankakweza. Tinaseka mpaka misozi. Usiku umenewo mu hostelo aliyense ankayeserera kuyankhula ngati makolo a William Kamkwamba a mu filimuyo, ndipo ine ndinaposa onse. Ndinalemba pa Facebook kuti mayi ameneyu akuyankhula Chichewa ngati wabwira mbatata yotentha. Positi imeneyo inali yoyamba m'moyo wanga kupeza ma like opitirira 300. Ndinagona ndikudzimva kuti nane ndine munthu.

Filimu yonseyo sindinaionere. Bandulo yake ndikanaitenga kuti? Ndinaweruza ntchito ya pafupifupi maola awiri ndi kachidutswa kosakwana mphindi imodzi, basi nkhani inathera pomwepo.

Kwathu ndi ku Chinsapo. Loweruka lina chaka chatha, magetsi atazima madzulo, laputopu ya kuntchito inali idakali ndi moto wokwanira. Mng'ono wanga anabwera ndi fulashi yake yodzaza mafilimu. Amayi anali pamkeka akusankha nyemba mu lichero, tochi ya foni ili pambali.

"Ikani ya Chichewa," anatero. "Zachizungu zanuzo zimandipweteketsa mutu."

Ndinamutsina mng'ono wanga. "Ika ya Kamkwamba ija, uwone mmene tisekere."

Poyamba zinayenda monga ndinkayembekezera. Chiwetel Ejiofor, yemwe anatsogolera filimuyi komanso kusewera ngati bambo a William, atangotsegula pakamwa, amayi anafunsa kuti, "Kodi bambowa ndi a ku Mozambique?" Tinaseka tonse atatu. Koma nkhani itafika poti mvula yavuta, m'munda mwatuluka zochepa, ndipo banja lagwirizana zoti lizidya kamodzi patsiku, ndinaona kuti nyemba zasiya kulira mu lichero. Pamene anthu anjala anabwera kudzalanda kachakudya kotsala pakhomo, mayi uja ali ndi mwana wake wamkazi yekha, amayi anaika lichero pansi.

"Taimitsa kaye."

Anatuluka panja. Tinamva akusukusula kumaso pa ndowa. Atabwerera sanakhale pamkeka, anakhala pa mpando moyang'anizana nane, n'kuyamba kufotokoza zinthu zimene ndinali ndisanazimvepo chibadwire.

Ine ndinabadwa mu 2000 kumudzi, cha ku Madisi m'boma la Dowa. Njala ya 2001 mpaka 2002 inandipeza ndili kubere. Bambo anapita kukasaka ganyu ku maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo panadutsa masabata osamveka. Amayi anagulitsa mbuzi, kenako malata a nyumba, kenako mapoto. Ankalima ganyu tsiku lonse kuti alandire mbale ya gaga. Akaphika phala la gagayo ankapatsa achimwene anga, amene anali ndi zaka zinayi, ndi ine. Achimwene akafunsa kuti nanga inu, amayi ankayankha kuti, "Ndadya kale." Usiku ankamanga chitenje m'mimba mothinitsa kuti tulo tibwere. Mkaka utauma, anandibereka n'kuyenda wapansi mpaka ku chipatala cha mishoni kumene ankapereka Likuni Phala kwa ana onyentchera. Atakolola chaka chimenecho anauza bambo kuti iwo sadzadikiranso mvula kuti ana awo adye. Umu ndi mmene tinapezekera ku Chinsapo.

Njala imeneyi ine ndinkaidziwa ya m'kalasi. Ndinkadziwa kuti mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Ndinkadziwa kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndiponso kuti anthu anakangana kwa nthawi yaitali kuti wolakwa kwambiri ndani pakati pa akuluakulu a boma ndi alangizi a IMF. Ndinalembapo mayeso, ndinakhoza. Koma zoti m'nkhani imeneyo ndinalimo, ndili kumbuyo kwa mayi wopanda kanthu m'mimba, palibe anandiuzapo.

Posowa chonena, ndinanena zopusa. "Koma amayi, simukumva mmene Chichewa chake chikukhotera?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe ukumvera pakamwa. Ine ndikuyang'ana maso. Taona mmene akuwayang'anira anawo. Maso amenewo ndikuwadziwa ine." Kenako anafunsa kuti, "Ndi wa kuti mayi ameneyu? Anamuuza ndani zimenezi?"

Sindinayankhe. Patatha zaka zisanu chimunyozereni pagulu, dzina lake lomwe sindinkalidziwa.

Mayi amene sindinkamudziwa dzina

Usiku womwewo ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza. Dzina lake ndi Aïssa Maïga. Anabadwira ku Dakar, m'dziko la Senegal, mu 1975. Bambo ake, Mohamed Maïga, anali mtolankhani wa ku Mali ndiponso mnzake wa Thomas Sankara, mtsogoleri uja wa Burkina Faso amene anyamata ambiri amakonda kuika chithunzi chake pa sitetasi. Aïssa anapita ku France ali wamng'ono kwambiri, ndipo bambo akewo anamwalira mwadzidzidzi ku Ouagadougou mu 1984, iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anakulira ku France, ndipo anayamba kuoneka m'mafilimu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Munthu amene ine ndinkamuyesa wongotoledwa pamsewu ndi mmodzi mwa akatswiri achikuda odziwika kwambiri m'mafilimu a ku France. Mu 2005 anali mu Caché ya Michael Haneke. Mu 2006 anasewera mbali yaikulu mu Bamako ya Abderrahmane Sissako, ngati Melé, mayi woimba m'bala amene banja lake likugwedezeka. Chodabwitsa cha filimu imeneyi n'chakuti pabwalo la nyumba yomwe Melé amakhala, anthu akuchapa ndi kutunga madzi, pakuchitika mlandu: anthu a mu Africa akuzenga World Bank ndi IMF chifukwa cha ngongole ndi malamulo azachuma amene anasaukitsa maiko awo. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira malata a amayi. Mbali imeneyi inam'fikitsa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za César, zomwe ndi mphoto zazikulu za mafilimu ku France. Pa TV anasewera ngati mkazi wa Toussaint Louverture, mtsogoleri wa akapolo amene anaukira Afalansa ku Haiti, mu filimu ya 2012. Ena mwina munamuona mu The African Doctor ya 2016, ngati mkazi wa dokotala wa ku Congo amene anakakhala m'kamudzi ka azungu okhaokha ku France.

Ndiye taganizani. Mayi wa zaka zoposa 40, wa dzina kale, wolankhula Chifalansa, anabwera ku Kasungu, anavala chitenje, n'kuloweza mizere m'chilankhulo chimene sanakule nacho, akudziwa kuti eni ake adzamva paliponse pamene waphonya. Ine Chifalansa ndinachiphunzira zaka ziwiri ku sekondale, ndipo chimene ndinatsala nacho ndi moni basi.

Chimene amamenyera

Koma chimene chinandichotsa tulo si mndandanda wa mafilimu akewo. Ndi zimene wakhala akunena za ntchito yakeyo.

Mu 2018 Aïssa anasonkhanitsa anzake, onse pamodzi akazi 16 achikuda ochita mafilimu ku France, n'kulemba buku lotchedwa Noire n'est pas mon métier. Tanthauzo lake n'lakuti kukhala wakuda si ntchito yanga. Aliyense anafotokoza zimene wakumana nazo posaka ntchito. Dandaulo lawo lalikulu linali lakuti mkazi wachikuda akaitanidwa, kawirikawiri amaitanidwira mbali zomwezomwezo: wantchito wa m'nyumba, woyendayenda, namwino wongodutsa, mayi wobwera wopanda mapepala. Mbali ya loya, ya dokotala, ya mkazi amene nkhani yonse ikuzungulira pa iye, ankaiona ngati ya mzungu pokhapokha wolemba atachita kunena kuti akhale wakuda. Ena ankauzidwa kuti adetsa kwambiri, ena kuti sanade mokwanira. Mu Meyi chaka chomwecho, onse 16 anakwera limodzi masitepe otchuka a ku chikondwerero cha mafilimu cha Cannes, makamera a dziko lonse akuwajambula, kuti pasakhale wonena kuti akatswiri achikuda kulibe.

Pa 28 Febuluwale 2020, pa mwambo wa mphoto za César, anamuitana kutsogolo kuti akapereke mphoto. M'malo mongowerenga zolembedwa n'kumwetulira, anauza holo yonse kuti iye akalowa m'malo ngati amenewo amayamba wawerenga anthu akuda amene alimo, ndipo anayamba kuwalonjera ochepawo. Anthu anasowa poyang'ana. Ena anaseka mwamanyazi, ambiri anangoti zii, ndipo m'masiku otsatira ena anamunyoza kwambiri pa intaneti. Kanemayo ndinamuonera katatu. Chifalansa sindinamve, koma nkhope za anthu amene auzidwa chilungamo pa phwando lawo lomwe sizisowa womasulira.

Sanalekere pa kudandaula. Anatenga kamera yekha. Mu 2021 anatulutsa Regard noir, filimu yofufuza za mmene akazi achikuda amaonetsedwera m'mafilimu, ndi ina yotchedwa Marcher sur l'eau, imene anaijambula m'mudzi wa Tatiste kumpoto kwa Niger. Imeneyi imatsatira mtsikana dzina lake Houlaye, amene amayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku kukatunga madzi n'kumasamalira azing'ono ake makolo atapita kukasaka ndalama kutali, pamene mudzi ukumenyera kuti upatsidwe mjigo. Aliyense amene anadzukapo 4 koloko m'mawa kukaika chigubu pamzere ku kiyosiki ya madzi ku Chinsapo kapena ku Mgona sangafunse kuti filimu yotereyi ndi ya chiyani.

Paris ili ku ofesi kwathu

Apa ndiye pamene nkhaniyi inasiya kukhala ya ku France.

Ine ntchito yanga ndi yolemba mapositi ndi mauthenga otsatsa malonda a makampani. Tili ochepa mu ofesi, nde amene walemba mawu ndi yemwenso amasankha zithunzi zoti kasitomala aone. Pali mawu ena amene amabwerabwera kasitomala akabweza ntchito: "Tipezereni nkhope yowala." Kapena, "Akhale wooneka bwino pa kamera." Palibe amanena poyera kuti akufuna woyera khungu. Sipafunika kutero, tonse timamva. Ndipo ine, mtsikana wakuda bii ngati amayi anga, ndinaphunzira msanga. Ndinasiya n'kutumiza komwe zithunzi za atsikana akuda pa malonda a banki, a foni kapena a mafuta odzola, kuopa kubwereza ntchito. Akuda ndinkawasungira uthenga wa kolera, wa feteleza ndi wa mabungwe othandiza osauka. Palibe anandilamula. Ndinkati ndikudziwa msika.

Mng'ono wanga ndi wakuda kuposa ine. Kuyambira ali Fomu 1 ankachita zisudzo, ndipo sukulu yawo ikapita ku mpikisano wa ATEM iye sankasowa. Mwana ameneyu akayeserera mmene kondakitala wa minibasi amakanira chenji, kapena mmene mayi wa pa msika amayesera tomato, umaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako umazindikira kuti waona chinthu chimene umachiona tsiku lililonse osachiona. Atalemba mayeso a Fomu 4, anamva za odishoni ya sewero lina loti lizionetsedwa pa YouTube. Anabwereka nsapato zanga, anakwera minibasi kupita m'tauni. Anabwerako madzulo osayankhula. Patapita masiku awiri ndi pamene anandiuza kuti anamuyamikira kuti amatha, koma mbali ya mtsikana wamkulu wa m'seweromo inafuna munthu "wowala". Iye anamuuza kuti asankhe pakati pa wantchito wa m'nyumba ndi mfiti.

Sabata yotsatira anandipempha ndalama. Nditamupanikiza anavomera kuti akufuna kugula mafuta oyeretsa khungu, aja amagulitsa pa mabenchi mu msika.

"Achemwali, pang'ono pokha. Kumaso kokha."

Ndinamukalipira kwambiri. Ndinamuuza za khungu lopsa, za zigamba m'masaya, za azimayi amene manja ndi nkhope zimaoneka ngati za anthu awiri. Ndinamuuza kuti ndi wokongola mmene alili. Chimene sindinamuuze n'chakuti mawa lake m'mawa ndinali kupita kukachita kwa ana a eni zomwezo zimene anam'chita iyeyo.

Izi zinachitika miyezi ingapo tisanaonere filimu ija ndi amayi. Usiku umene ndinawerenga za buku la Aïssa Maïga, mng'ono wanga anali mtulo pambali panga. Wantchito wa m'nyumba. Mfiti. Wada kwambiri. Akazi 16 ku Paris ankadandaula za azungu. Kuno kulibe mzungu mu ofesi mwathu, kunalibe mzungu pa odishoni ija. Tilipo tokhatokha.

Nanga bwanji sanatenge Mmalawi?

Sindikufuna kunamizira kuti amene tinadandaula mu 2019 tinalibe mfundo. Tinali nayo. Chilankhulo si chovala choti ungobwereka. Mu filimu yomweyo muli Lily Banda, mwana wakwathu, amene anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William. Akayankhula iye, khutu limapuma. N'zomveka kufunsa kuti nanga mbali ya mayi sakanaipereka kwa Mmalawi? Ndipo chosangalatsa n'chakuti funso limeneli ndi la mtundu womwewo wa mafunso amene Aïssa amafunsa kwawo: ndani amapatsidwa mpata woonekera, ndipo ndani amasankha?

Akatswiri tili nawo. Flora Suya anasewera mu Seasons of a Life ya Shemu Joyah ngati mtsikana wantchito amene bwana wake anam'patsa mimba, n'kudzaphunzira mpaka kukhala loya womenyera mwana wake, ndipo anafika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za Africa Movie Academy Awards. Joyce Mhango-Chavula amasewera, amalemba, amatsogolera, ndipo filimu yake yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ya filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016. Kale kwambiri kunali Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera Wakhumbata Ensemble Theatre Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, n'kudzayambitsa gulu lake la Wanna-Do, akulemba yekha masewero mpaka pamene anamwalira mu 2006.

Koma tiyeni tinene zoona. Oika ndalama mu filimu yaikulu amafuna maina amene anthu akuwadziwa kale, ndipo dzina limakula munthu akamapatsidwa mbali zazikulu komanso anthu akamalipira kuti amuonere. Ife amene tinakwiya kuti mlendo waononga Chichewa, ndi angati tinagulapo tikiti ya sewero ku Madsoc Theatre, kapena ya filimu ya Chimalawi ikamakhazikitsidwa? Ine nditafufuza mumtima mwanga ndinapeza ziro. Mafilimu a Shemu Joyah ndinawaonera, inde, koma obena pa fulashi kwa mnyamata wa pa shopu, ndipo ndalama yanga sinafike kwa aliyense amene anatuluka thukuta. Mafilimu a ku China ndi ku India omasuliridwa m'Chichewa timawaonera mosangalala m'mavidiyo sho ndi m'mafoni, osadandaula kuti nkhani zathu zili kuti. Timafuna Mmalawi akaoneke pa Netflix, koma kuno kwathu sitikufuna kumulipira, sitikufuna akhale wakuda kwambiri, ndipo koposa zonse sitikufuna akhale mwana wa m'nyumba mwathu.

Mfundo yomalizayi ndikuidziwa bwino. Malume athu a ku Area 23, amene anathandiza fizi ya mng'ono wanga, atamva zoti akufuna zisudzo anabwera okha kunyumba. Anati zimenezo ndi za atsikana osalongosoka, ogona m'malo ogona alendo ndi amuna a eni, ndipo mwana wa mlongo wawo akachite unamwino. Malume omwewa, mu Juni 2024 pamene Michael Usi, amene tonse tinakula tikumuonera ngati Manganya mu Tikuferanji, analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti, ankauza aliyense kuti mwaona, luso limafikitsa munthu patali. Kwa mwamuna ndi luso. Kwa mtsikana ndi chiyambi cha uhule. Pa tsiku limene malume anabwera, amayi anagwirizana nawo. Ine, wa digiri m'banjamo, amene mawu anga akanamveka, ndinali pa foni ngati sindikumva.

Sindikuwaweruza amayi. Munthu amene anagulitsapo malata kuti ana adye safuna kumva za ntchito yopanda malipiro a pamwezi. Ndipo mantha a malume si ongopeka onse: atsikana ambiri amene amafuna kulowa m'zisudzo ndi m'mavidiyo a nyimbo amakumana ndi amuna amene amafuna malipiro ena asanawapatse mbali. Koma yankho la zimenezo ndi kuima pambali pa mwanayo, kudziwa kumene akupita ndi amene akugwira naye ntchito. Kumutsekera m'nyumba kumangosiya bwalo m'manja mwa anthu omwewo.

Zimene zasintha, ndi zimene sizinasinthe

Lamulungu lotsatira ndinawaonetsa amayi chithunzi cha Aïssa Maïga ali ku Cannes, atavala zapamwamba, ali pakati pa anzake aja. Anachiyang'anitsitsa, akukulitsa ndi zala.

"Ndi yemwe uja? Wa chitenje uja?"

"Eya, amayi. Ndi ntchito yake imeneyo."

"Nde anachita kuphunzira kukhala ine?"

Ndinati eya. Anakhala chete, kenako anaitana mng'ono wanga amene ankatsuka mbale panja. "Iwe, zimene umapanga zija ndi zimenezi?" Mwana anagwedeza mutu, sopo ali m'manja. Amayi sananene kuti avomera. Anangoti, "Uzichita zenizeni. Zovinavina pa foni zija ayi."

Tinagwirizana chonchi, malume akudandaulabe: chaka chimodzi. M'mawa amathandiza amayi pa benchi yawo ya zokolola, masana amapita ku gulu la zisudzo la achinyamata limene ndinakalionera ndekha ndisanavomere. Thiransipoti ndimalipira ine. Odishoni iliyonse ndimadziwa malo ake ndi nthawi yotuluka. Chaka chikatha popanda chooneka, akalembetsa kosi, koma zisudzo sasiya. Mafuta aja sanagule. Sindikunama kuti maganizowo anatheratu. Tsiku lina ndinamupeza akuyesa mafyuluta oyeretsa nkhope pa TikTok, ndipo tinangoyang'anana.

Kuntchito ndinayamba kachinthu kakang'ono. Ndikamatumiza zithunzi, choyamba pa mndandanda chimakhala cha munthu wakuda. Kasitomala wina atabweza n'kunena kuti akufuna nkhope yowala, ndinamufunsa mwaulemu pa foni kuti, "Pepani bwana, mukati yowala mukutanthauza kuti tiwonjezere kuwala pa chithunzi, kapena mukufuna munthu woyera khungu?" Panali zii wautali. Kenako anati ndisiye chomwecho. Wina sanachite manyazi, anati eya, woyera, ndi amene amagulitsa. Ndinamupatsa, chifukwa lendi sindilipira ndi mfundo. Abwana anga anandiuza kuti ndisamapanikize makasitomala ndi mafunso. Sindine Aïssa Maïga. Sindinaime pamaso pa holo yodzaza anthu amene angandimane ntchito mawa. Koma funso lija ndimalifunsabe, chifukwa ndaona kuti anthu ambiri sakonda kumva chimene akufuna chikutchulidwa dzina lake.

Mu Disembala gulu la mng'ono wanga linachita masewero afupiafupi mu holo ya tchalitchi. Lake analemba yekha, la mphindi 15, la mayi ndi ana awiri m'chaka cha njala. Anapempha kaye chilolezo kwa amayi, ndipo amayi anati bola asatchule mudzi. Poyeserera kunyumba, amayi anamuimitsa pakati.

"Sitinkamanga choncho. Ukamanga pamwamba supuma. Umamanga apa, pansi pa nthiti, mfundo ikhale kumbali kuti ugone."

Anadzuka, anatenga chitenje, n'kumumanga okha. Tsiku la sewerolo anakhala kutsogolo atavala chitenje chawo cha ku Mvano. Pamene mng'ono wanga ananena kuti "ndadya kale", azimayi angapo achikulire m'holomo anati "mmm" pamodzi, ndipo mayi wina kumbuyo kwanga anayamba kufwenthera. Anthu olowa analipira K1,000 aliyense. Ine ndinalipirira anthu asanu, ndipo inali tikiti yoyamba ya sewero la Chimalawi imene ndinagulapo ndi ndalama yanga. Malume sanabwere, koma anafunsa kuti zinayenda bwanji.

Mwezi wa Malichi ukafika, Facebook imandikumbutsa positi ija ya mbatata yotentha. Sindinaifufute. Chichewa cha Aïssa Maïga chinali chokhota, ndipo ndikaonera filimuyo khutu limandiuzabe choncho. Koma kwa zaka zoposa 20 ndinakhala m'nyumba imodzi ndi amayi anga, tikuyankhula Chichewa chowongoka tsiku lililonse, ndipo nkhani ija sinatuluke. Inatuluka chifukwa mlendo wina anaiona kuti ndi yoyenera kuigwirira ntchito.

Ngati muli ndi makolo kapena agogo amene anali akuluakulu mu 2002, afunseni kuti chaka chimenecho anali kuti, ankadya chiyani. Musadikire magetsi kuzima ngati ine. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli kamtsikana kamene kamayeserera aliyense mpaka mumakakalipira kuti kasiye phokoso, pitani mukakaonere kamodzi kali pa siteji musanagamule.

Amayi mpaka lero, ndiwo zikachepa, amakankhira mbale kwa ife n'kunena kuti adya kale. Kale ndinkangoti chabwino n'kupitiriza kudya. Masiku ano ndimatenga mbale ina, ndimagawa patatu, ndipo sindiyamba kudya mpaka iwo atasamba m'manja.